Kodi bungwe limene ndaliyambitsa ndekha lingandilipire?

Funso: Ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa ku Dedza. Ine ndi anzanga anayi takhala tikusonkherana ndalama zolipirira fizi ana amasiye a kusekondale, ndipo tsopano tikufuna kuti likhale bungwe lovomerezeka. Tiyambire pati, nanga n'kololedwa kuti ndizilandirapo malipiro?

Yankho: Aphunzitsi, yambani mwaona kukula kwa ntchito yanu. Ngati ana onsewo ali m'dera la mfumu imodzi, kulembetsa ngati CBO (bungwe laling'ono la m'dera) ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu kukhonsolo n'kokwanira, ndipo ndi kumene ndingakulangizeni kuti muyambire.

Kukhala NGO ndi nkhani ina. Mufunika kulemba malamulo oyendetsera bungwe, kusankha matrasti (anthu oyang'anira bungwe ndi katundu wake), ndi kulembetsa ku boma pansi pa Trustees Incorporation Act kapena pansi pa Companies Act ya 2013 ngati kampani yopanda masheya. Mukatero mupite ku NGORA, bungwe loyang'anira ma NGO limene linalowa m'malo mwa NGO Board pamene lamulo la ma NGO la 2001 linasinthidwa mu 2022. Chaka ndi chaka mudzayenera kupereka lipoti la ntchito ndi la ndalama, ndipo apa ndi pamene mabungwe ang'onoang'ono amapunthwa, chifukwa owerengera mabuku a ndalama nawonso amafuna kulipidwa.

Kunena kuti bungwe silipanga phindu sikutanthauza kuti ogwira ntchito ake sadya. Woyendetsa bungwe angalandire malipiro monga wantchito wina aliyense, akhale ndi kontirakiti, azidulidwa msonkho wopita ku MRA, ndiponso penshoni yake iziperekedwa, 10 peresenti kuchokera kwa olemba ntchito ndi 5 peresenti kuchokera kwa iye mwini. Choletsedwa n'kugawana ndalama zotsala ngati kuti ndi banki mkhonde.

Koma mukafuna malipiro, chokani pampando wa matrasti, pakuti n'zosamveka kuti munthu yemweyo adziikire malipiro, asaine cheke, kenaka akadzifunse yekha za malisiti, ndipo opereka thandizo amayang'anitsitsa zimenezi asanatulutse ndalama. Dziwaninso kuti matrasti amene mwawasankha nokhawo ali ndi mphamvu yokuchotsani ntchito, ndiponso kuti malipiro a m'mabungwe otere nthawi zambiri amatha tsiku limene pulojekiti yatha. Njinga yamoto imene mudzagule ndi ndalama za thandizo idzalembedwa m'dzina la bungwe, ndipo bungwelo likadzatha siidzalowa m'nyumba mwanu, idzaperekedwa ku bungwe lina la ntchito yofanana ndi yanu.