Kodi petulo wodula amathandiza galimoto wamba?

Funso: Ndimakhala ku Kapata, kuno ku Chipata. Ndikapita ku Johannesburg pa Toyota Corolla yanga ndimapeza petulo wa 93 ndi wa 95. Kodi wodulayo angawonjezere mphamvu ya injini?

Yankho: Ayi bambo. Nambala imeneyi, ya octane, imasonyeza mmene petulo amapirira kupanikizidwa mu injini osayaka yekha nthawi isanakwane, osati kuchuluka kwa mphamvu yake. Injini zopanikiza kwambiri, monga zambiri za turbo, zimafunadi nambala yokwera kuti zisamagogode. Koma ngati buku la galimoto yanu likunena kuti 93 ndi wokwanira, wa 95 sangakuwonjezereni liwiro kapena makilomita, ndipo ndalamazo kuli bwino muzigulira oyilo ndi sefa ya mpweya, imene imatsekeka msanga ndi fumbi la m'misewu yathu m'chilimwe.