Funsani Odziwa: Bakiteriya nayenso amadwala

Makalata atatu a mwezi uno achokera ku Ntcheu ndi ku Dedza. Olemba ake sadziwana, koma onse agunda mtengo umodzi.

FUNSO: Ndimaphunzitsa Bayoloji pa sekondale ina kuno ku Ntcheu. Mwana wa Fomu 4 anandisowetsa chonena ndi funso ili: bakiteriya ndi selo imodzi yokha, alibe magazi, alibe asilikali a m'thupi, nanga vairasi ikamulowa amatani? Ngati ali ndi chitetezo, anachitenga kuti? (Mphunzitsi, Ntcheu)

YANKHO: Aphunzitsi, mwana ameneyo musamutaye. Mabakiteriya ali ndi mavairasi awoawo otchedwa mafeji, omwe Frederick Twort anawatulukira mu 1915 ndipo Félix d'Hérelle anawapatsa dzina mu 1917. Feji salowa yense m'selo. Amatera pakhungu la bakiteriya, n'kubaya, n'kuthiramo DNA yake yokha. Feji wotchedwa T4 akabaya bakiteriya wotchedwa E. coli, pakangotha theka la ola seloyo imaphulika n'kutulutsa ana oposa 100. Chovuta n'chakuti DNA ya mwini nyumba ndi ya mlendo zonse zinalembedwa ndi zilembo zinayi zomwezo, A, T, G ndi C. Ndiye azisiyanitsa bwanji?

Njira yofala kwambiri ndi ya chizindikiro. Thumba la kachewere likamakwera lole ku Lizulu kapena ku Tsangano limakhala ndi chizindikiro cha mwini wake. Bakiteriya amachita zomwezo ndi mapuloteni awiri. Yoyamba imayenda pa DNA ya mwini nyumba, ndipo ikapeza mndandanda wina wake wa zilembo imamatapo kachizindikiro kotchedwa methyl. Yachiwiri ndi lumo: limafunafuna mndandanda womwewo, likaupeza wopanda chizindikiro limadula. Lumo lotchedwa EcoRI limadula pa GAATTC pokhapokha. Ana anu awerengere okha: kuchulukitsa 4 kasanu ndi kamodzi kumapereka 4,096, ndiye mwangozi mndandandawu uyenera kupezeka kamodzi pa zilembo pafupifupi 4,000. Feji lambda ali ndi zilembo 48,502 ndipo lumoli limamudula malo 5. Feji T7 alibe GAATTC ngakhale pamodzi, choncho lumoli silimukhudza.

Chimalakwika n'chakuti mapuloteni awiriwa amapikisana. Nthawi zina womata chizindikiro ndiye amayamba kufika pa DNA ya feji lumo lisanafike, ndipo ana onse a feji ameneyo amatuluka ali ndi chizindikiro cha m'nyumbamo. Kwa abale a bakiteriya uja amalowa ngati eni khomo. Werner Arber ndiye anamasulira zimenezi, ndipo mu 1978 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi Daniel Nathans ndi Hamilton Smith.

Njira yachiwiri ili ndi chikumbumtima, ndipo ndi imene yatchuka ndi dzina loti CRISPR. Bakiteriya akapulumuka, mapuloteni awiri, Cas1 ndi Cas2, amadula kachidutswa ka DNA ya fejiyo ka zilembo pafupifupi 30 n'kukasokerera m'kaundula amene ali m'DNA ya bakiteriyayo. Kachidutswa katsopano kamalowa kumayambiriro kwa kaundula, motero ukamuwerenga umaona adani a makolo ake motsatana, ngati buku la milandu la kwa amfumu. Kaundulayu amakopedwa kukhala RNA, mbale wake wa DNA, RNA imadulidwa m'tizidutswa, ndipo kachidutswa kalikonse kamanyamulidwa ndi lumo longa Cas9. Likakumana ndi DNA yofanana ndi kachidutswako, limadula.

Mwana wanzeru afunsanso kuti: bwanji lumolo silidula kaundula weniweniyo, poti zilembo zake n'zomwezo? Chifukwa lisanadule limayang'ana kaye tizilembo tina tapambali totchedwa PAM. Kwa Cas9 ya bakiteriya wotchedwa Streptococcus pyogenes, ndi chilembo chilichonse chotsatiridwa ndi GG. Pa DNA ya feji tizilemboti tilipo, m'kaundula mulibe. Koma pomwepo ndi pamene pali mpata wothawira, pakuti feji akasintha chilembo chimodzi chokha pa PAM, kaundula uja sathandizanso. Mu 2013 akatswiri a ku Toronto anapezanso mafeji a bakiteriya wotchedwa Pseudomonas aeruginosa onyamula timapuloteni totsekereza CRISPR ya bakiteriyayo.

Zonse zikakanika, mabakiteriya ambiri amadzipha feji asanamalize kuswana, kuti abale oyandikana nawo apulumuke.

Za komwe chitetezochi chinachokera, yankho lake n'loseketsa pang'ono: zida zambiri anazilanda kwa akuba omwewo. Pali tizidutswa ta DNA todumphadumpha tomwe timadzidula n'kukadzisokerera pena. Cas1 ndi mbale wa puloteni imene tizidutswa tina totere timagwiritsa ntchito podzisokerera, ndipo Cas9 inachokera ku puloteni ya tizidutswa tina yotchedwa IscB. Mpeni wa wakuba unasanduka wa mlonda. Kaundula wa CRISPR uja anayamba kumuona ndi Yoshizumi Ishino ku Osaka mu 1987, koma panatha zaka 20 anthu asanatsimikize ntchito yake.

FUNSO: Ndimapanga yogati wogulitsa, malita 20 pa tsiku. Mbewu ndimatapa mu yogati wa dzulo. Masabata awiri apitawa mkaka ukukana kugwira, ukungokhala madzimadzi ngakhale utagona usiku wonse. Anthu ayamba kunena zambiri. Chavuta n'chiyani? (Mayi wa bizinesi, Dedza boma)

YANKHO: Mayi, zonena za anthuzo zisiyeni kaye. Zinthu zitatu ndi zimene zimakanitsa mkaka kugwira: kuzizira, mankhwala otsalira mumkaka, ndi mafeji tafotokoza pamwambawa.

Yambani ndi kuzizira, poti Dedza timamudziwa mu June ndi July. Mabakiteriya a yogati, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, amafuna madigiri 42 mpaka 45 kwa maola 4 mpaka 6. Chidebe chikakhala pa simenti yozizira, kutentha kumatsika msanga ndipo ntchito imaima. Gulani choyezera kutentha, chidebe muchikhazike pathabwa, muchifunditse bulangete.

Ngati kutentha kuli bwino, yesani ndi mabotolo atatu agalasi owiritsidwa. M'loyamba thirani mkaka wa kwa mlimi wanu wophika bwino ndi mbewu yatsopano ya m'sitolo. M'lachiwiri, mkaka wa m'paketi wokhalitsa uja ndi mbewu yanu yakale. M'lachitatu, mkaka wa m'paketi ndi mbewu yatsopano. Muyezo wake ndi masupuni aakulu awiri pa lita. Lachitatu liyenera kugwira. Loyamba likakana, vuto ndi mkaka: mwina ng'ombe inabayidwa mankhwala opha mabakiteriya, monga ochiza kutupa kwa bere, ndipo mlimi sanadikire masiku olembedwa pabotolo la mankhwalawo. Kuwiritsa sikuchotsa mankhwala amenewa. Lachiwiri likakana, mbewu yanu yatha mphamvu kapena yalowedwa ndi mafeji.

Kutapa mbewu ya dzulo tsiku ndi tsiku n'kumene kumaweta mafeji. Feji mmodzi akaswa ana makumimakumi pa ola, mbewu ya mawa imakhala ndi mafeji ambiri kuposa ya lero, mpaka tsiku lina mabakiteriya amatha asanawawitse mkaka. N'chifukwa chake vutoli limayamba ndi kuchedwa kugwira, kenako kukaniratu. Tayani mbewu yakaleyo kutali ndi malo opangira. Mkaka muziutenthetsa kufika madigiri 90 kwa mphindi 10, chifukwa mafeji ena amapirira kutentha kwa madigiri 72 kwa masekondi 15 kumene kumapha majeremusi ambiri. Zidebe, zipande ndi nsalu zosefera muzitsuke kaye ndi sopo, pakuti kulorini sagwira ntchito pa zotsalira za mkaka, kenako muziviike mphindi 10 m'madzi othira Jik wa 3.5 peresenti, mamililita 6 pa lita, n'kutsukuluza ndi madzi owiritsa. Madzi otsalira a yogati asamatayikire pansi. Mbewu imodzi musaipitirize koposa katatu kapena kanayi, ndipo muzisinthasintha mitundu, chifukwa feji aliyense amagwira mabakiteriya a mtundu wochepa chabe.

Tingowonjezera kuti vuto lanuli ndi lomwe linatsimikizira dziko za CRISPR. Mu 2007 Rodolphe Barrangou ndi Philippe Horvath, akugwira ntchito pa kampani yopanga mbewu za yogati ya Danisco, anaonetsa kuti S. thermophilus wopulumuka kwa feji amakhala ndi kachidutswa katsopano m'kaundula wake, ndipo ukakachotsa amayambanso kugwidwa.

FUNSO: Kuchipatala timaona matenda osamva mankhwala akuchuluka, ndipo timauzidwa kuti mabakiteriya amapatsirana kusamvako. Ngati amadula DNA yachilendo, akulandiranso bwanji ya anzawo? (Wogwira ntchito zaumoyo, Mtakataka)

YANKHO: Adokotala, apa ndi pamene pagona nkhani. Kusamva mankhwala kawirikawiri kumayenda pa timikombero ta DNA totchedwa mapulazimidi, tomwe bakiteriya amapatsira mnzake akakhudzana. Kwa mlonda wa m'selo, pulazimidi ndi mlendo ngati feji. Mu 2008 Luciano Marraffini ndi Erik Sontheimer anaonetsa kuti CRISPR ya Staphylococcus epidermidis imatsekadi pulazimidi kuti isalowe.

Tsono taganizani wodwala akumwa mankhwala. Bakiteriya wa mlonda wolimba wakana pulazimidi, ndipo mankhwala amupha. Amene mlonda wake anafooka kapena anatayika walandira pulazimidi, wapulumuka, waswana. Mu 2010 Kelli Palmer ndi Michael Gilmore anapeza kuti mitundu ya Enterococcus faecalis yosamva mankhwala ambiri ilibe CRISPR yogwira ntchito. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene mabakiteriya osakwana theka ndiwo ali ndi CRISPR. Mpanda wopanda chipata umaletsa mbala, umaletsanso wobweretsa ufa, ndiye mibadwo ikamadutsa chitetezochi chimapezedwa, kutayidwa, n'kutoledwanso kwa anansi, malinga ndi chimene chikupha kwambiri nthawi imeneyo. Mankhwala omwedwa pa chimfine wamba, chomwe n'cha vairasi, amakankhira sikelo kumbali ya otsegula chipata.

Kolera amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno pa mliri umene unayamba mu March 2022 nayenso ndi mwana wa chipata chotsegula. Poizoni wotsegula m'mimba uja si wa bakiteriya wa kolera, Vibrio cholerae, weniweni. Malangizo opangira poizoniyo anabwera ndi feji wotchedwa CTX amene anakhazikika m'DNA ya bakiteriyayo, monga Matthew Waldor ndi John Mekalanos anaonetsera mu 1996. Bakiteriya yemweyu ali ndi mdani wake, feji ICP1, wopezeka m'chimbudzi cha odwala ku Bangladesh. Mu 2013 kunadziwika kuti mafeji ena a ICP1 amanyamula CRISPR yawoyawo, kaundula ndi lumo lomwe, yomwe amadulira chitetezo cha Vibrio akangomulowa.