Kulowa m'chipinda chowongolera sitima yapanyanja

Mwafunsa ngati wapaulendo wamba angaloledwe kulowa m'chipinda chimene kaputeni amawongolera sitima. N'zotheka ndithu, koma chiyambireni kugwira ntchito malamulo a dziko lonse a chitetezo cha sitima ndi madoko otchedwa ISPS mu 2004, munthu salowamo mwachisawawa. Makampani a sitima zonyamula alendo monga Royal Caribbean ndi Carnival amagulitsa ulendo wapadera woonera malo amene alendo safikako, ndipo popeza amatenga anthu ochepa, ndi bwino kulembetsa msanga. Muvale nsapato zotseka zala, chifukwa mudzadutsanso kukhitchini ndi kochapira zovala kumene pansi pamaterera. Mukafika, muyang'anitsitse kumapeto kwa chipindacho, kumene pa sitima zambiri kuli galasi pansi loonerapo doko pokocheza. Chiwongolero chenichenicho n'chaching'ono kwambiri kuposa mmene ambiri amaganizira.