Mwana wanga akufuna uloya ku England, koma akuti maloya akuda amayesedwa opalamula

Imelo ya lero yachokera kwa mayi wina wa ku Leicester. Ndaidula pang'ono ndipo mayina ndachotsa monga anapemphera.

"Ndakhala kuno zaka 19, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba. Mwana wanga wamkazi ali m'chaka chomaliza cha digiri ya zamalamulo, ndipo akuti akufuna kukhala barrister, loya uja wovala wigi amene amayankhula pamaso pa jaji. Mnzanga wa kutchalitchi wandiuza kuti makhoti a kuno salemekeza maloya akuda, moti ena amawayesa mbava zobwera kudzayankha mlandu. Kodi n'zoona? Ndimuuze asinthe maganizo ndalama zisanalowe m'madzi? Ine kunyozeka ndakuona kale mokwanira, sindikufuna mwana wanga azikanyozekanso atavala suti."

Mayi, mnzanu uja sananame. Nkhani imene anamva ndikuganiza kuti ndi ya Alexandra Wilson, barrister wachitsikana wa ku Essex. Mu Seputembala 2020, ali ndi zaka 25, anapita kukhoti la majisitireti kukaimira munthu pa mlandu. Pakhomo mlonda anamufunsa dzina kuti alifufuze pa mndandanda wa oimbidwa milandu. Atafika pa chitseko cha chipinda chozengera milandu, munthu wina anamuyesa mtolankhani n'kumuletsa kulowa. Atalowa, loya mnzake anamuuza kuti akadikire panja mpaka mlandu wake utaitanidwa. Akuti aziyandikira kutsogolo, kalaliki wa khoti anamuuza mokweza mawu kuti atuluke, n'kumufunsa ngati ali ndi loya womuimira. Zonsezi tsiku limodzi, m'nyumba imodzi. Iye analemba pa Twitter, nkhani inabuka, ndipo Kevin Sadler, amene panthawiyo ankatsogolera nthambi yoyendetsa makhoti ku England ndi Wales, anapepesa. Maloya ena akuda ambiri anayankha kuti nafenso zinatichitikirapo.

Dziwani kuti m'khoti la majisitireti maloya savala wigi kapena mkanjo. Amavala suti yakuda basi. Ndiye mlonda, kalaliki ndi aliyense amene ali m'khotimo amangoganiza yekha kuti uyu ndi ndani poyang'ana nkhope. Ndipo diso lawo linazolowera zina. Lipoti limene phungu wa nyumba ya malamulo ya kuno David Lammy anatulutsa mu 2017 linasonyeza kuti anthu akuda anali 3 pa 100 alionse m'dzikomo, koma m'ndende anali 12 pa 100 alionse. Kumpando wa oweruza zinthu n'zotembenuka: majaji akuda ndi 1 pa 100 alionse, ndipo chiwerengerochi chakhala pomwepo kuyambira 2014. Munthu amene wagwira ntchito pakhomo la khoti zaka 15 akuona khungu lakuda m'bokosi la oimbidwa mlandu tsiku ndi tsiku, pa mpando wa jaji osaliona, mutu wake umamaliza nkhani iye asanafunse. Sindikumuikira kumbuyo. Ndikungofotokoza mmene chinthucho chimaberekera ana.

Ine ndinamasulirapo Chichewa kangapo m'makhoti a kuno, ndipo chimene chinandikhalabe m'mutu ndi chaching'ono. Tsiku lina m'mawa tili pamzere wa pakhomo, tikuvula malamba ndi kuika makiyi m'timabeseni tija, patsogolo panga panali mtsikana wakuda atakoka kasutikesi ka matayala. Tisanafike n'komwe kwa mlonda, iye anali atatulutsa kale chiphaso chake cha uloya, atachigwira pachifuwa ngati kandulo ya pa ubatizo. Kumbuyo kwake kunali mnyamata wachizungu, kasutikesi komweko, suti yomweyo, manja ali m'thumba, akuyasamula. Palibe amene anachitira mtsikanayo chipongwe tsiku limenelo. Koma ankaoneka kuti anaphunzira kuyankha funso lisanafunsidwe, ndipo mphamvu imene ankaonongera pamenepo mnzake uja ankaisungira mlandu.

Komatu mayi, ndikanakhala kuti ndine kholo la mwanayu, za pakhomozi sizikanandisowetsa tulo kwenikweni. Zimapweteka, inde, koma zimaoneka, zili ndi mboni, ndipo munthu atha kudandaula mpaka wina n'kupepesa. Chimene chimathamangitsa maloya akuda pa ntchitoyi chimachitikira m'chipinda chimene inu ndi ine sitidzalowamo, ndipo sichikweza mawu. Ndi nkhani ya amene amapatsidwa milandu ya ndalama ndi amene amapatsidwa zotsalira.

Ndifotokoze mmene ntchitoyi imayendera, chifukwa ndi yosiyana ndi kwathu. Ku Malawi loya mmodzi amakulandirani mu ofesi, amalemba mapepala, n'kukakuimirani kukhoti. Kuno ntchitoyi inagawidwa pawiri. Solicitor ndi amene mumapita kukamuona, ndipo nthawi zambiri amalembedwa ntchito ndi kampani ya maloya n'kumalandira malipiro a pamwezi. Barrister ndi katswiri woyankhula m'khoti, ndipo ambiri mwa iwo sali pa malipiro a wina aliyense. Amadzilemba okha ntchito. Amasonkhana m'magulu otchedwa chambers, kumene amathandizana kulipira lendi ndi antchito. Mlandu umachokera kwa solicitor, umafika pa desiki ya kalaliki wa chambers, ndipo ngati solicitor sanatchule dzina la loya amene akumufuna, kalalikiyo ndiye amasankha woti amupatse. Kalaliki ameneyu si kalaliki wamba ayi. Ndiye wagwira mpeni ndi nyama yomwe. Akamaganiza kuti kampani yakutiyakuti "ingamasuke bwino" ndi James kusiyana ndi Chisomo, mlandu wa mapaundi ambirimbiri umapita kwa James, Chisomo n'kutumizidwa pa sitima ya 6 koloko m'mawa kukapempha belo m'tauni yakutali, ndalama yake yosakwana n'komwe tikiti ndi nkhomaliro. Palibe watukwana munthu. Palibe chokalemba pa Twitter. Pakatha zaka 5, James ali ndi mbiri ya milandu ikuluikulu ndipo anthu akuti ndi waluso, Chisomo akuwerenga ngongole.

Izi sindikuzitola m'mutu. Bungwe loyang'anira ntchitoyi, Bar Standards Board, linatulutsa kafukufuku wa malipiro mu 2020. Linapeza kuti opeza ndalama zambiri ndi amuna achizungu, opeza zochepa kwambiri ndi akazi akuda ndi a mitundu ina yochepa, ndipo kusiyanaku kumakhalapobe ngakhale mutayerekeza anthu ogwira milandu ya mtundu umodzi, okhala ndi zaka zofanana pa ntchito. Chaka chotsatira, bungwe loimira maloyawo, Bar Council, linanena kuti pa maloya oposa 1,800 amene anali ndi ulemu wapamwamba wa QC, umene pano ukutchedwa KC, akazi akuda anali 5 okha, amuna akuda 17. Ndipo popeza majaji a makhoti akuluakulu amasankhidwa kwambiri pakati pa anthu amenewa, mukuona nokha kuti 1 pa 100 uja akuchokera kuti.

Palinso china chimene makolo ambiri sitichidziwa. Maloya akuda ambiri amapezeka pa milandu ya upandu, ya mabanja ndi ya anthu olowa m'dziko, imene imalipiridwa ndi boma. Ena amaisankha okha chifukwa ndi kumene kuli anthu awo, ena amakankhidwirako. Kumeneko ndiye kuli njala. Mu 2022 maloya a milandu ya upandu ananyanyala ntchito, ndipo kuyambira pa 5 Seputembala anaimiratu osanena tsiku lobwerera, mpaka boma linavomera kukweza malipiro ndi 15 peresenti. Bungwe lawo linkanena kuti loya wongoyamba kumene ankatsala ndi mapaundi pafupifupi 12,200 pachaka. Mayi, inu pa ntchito yanu yosamalira okalamba mumaposa pamenepo. Mwana wa dokotala wa ku Surrey atha kupirira zaka zitatu zotere chifukwa lendi akulipira bambo. Wanu adzapirira ndi chiyani?

Nanga majajiwo? Mu 2022 akatswiri a ku University of Manchester, pamodzi ndi loya Keir Monteith, anafunsa anthu 373 ogwira ntchito zamalamulo. Mwa iwo, 95 pa 100 alionse anati tsankho limalowerera ndithu pa kayendedwe ka milandu, ndipo 56 pa 100 alionse anati anaonapo ndi maso awo jaji akuchitira tsankho munthu woimbidwa mlandu. Amene anayankha ndi amene anafuna okha kuyankha, choncho tisatenge manambalawa ngati chithunzi cha khoti lililonse. Komabe ndi anthu a m'katimo amene akunena, si ife a pabenchi ya kumbuyo.

Ndiye mumuletse? Ine ndikuti ayi. Choyamba, simungathe. Mwana amene wafika chaka chomaliza cha digiri ya malamulo kukangana ndiye ntchito yake, ndipo adzakugonjetsani patebulo lanu lomwe. Chachiwiri, tsankho limene mukulithawalo lili kumene mungamutumizeko. Inu nomwe mukudziwa zimene manesi akuda amakumana nazo m'mawodi. Bola akumane nalo pa ntchito imene mtima wake uli, ndiponso pamene ali ndi zida zobwezera.

Ndipo njirayi ena anaiswa kale zinthu zili zoipa kuposa lero. Mu 1958, ku Boksburg ku South Africa, Godfrey Pitje, amene ankaphunzira ntchito pa kampani ya Nelson Mandela ndi Oliver Tambo, analamulidwa ndi majisitireti kuti akhale patebulo lapadera la maloya osakhala azungu. Anakana, anapezeka wolakwa pa mlandu wonyoza khoti, ndipo apilo yake inakanidwa mu 1960. Pitje yemweyo anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Black Lawyers Association, bungwe la maloya akuda ku South Africa. Chaka chomwecho cha 1958, Orton Chirwa wa kwathu analandiridwa kukhala barrister ku Lincoln's Inn ku London, limodzi mwa mabungwe anayi amene ofuna ubarrister kuno amalembetsako, pamalo pomwe mwana wanu atha kukalembetsa. Kuno ku England, Patricia Scotland anakhala mkazi wakuda woyamba kulandira ulemu wa QC mu 1991, Linda Dobbs anakhala jaji wakuda woyamba wa High Court mu 2004, ndipo mu 2025 Bar Council inatsogoleredwa ndi Barbara Mills, mayi wobadwira ku Ghana. Ndikudziwa kuti kutchula "woyamba" uyu ndi "woyamba" uyo kumatha kukhala kudzitonthoza. Zaka 34 kuchokera kwa Scotland kufika kwa Mills si liwiro loti n'kuliombera m'manja. Ndawatchula kuti mudziwe kuti mwana wanu akakalowa sakapeza nyumba yopanda wachibale.

Pa za wigi ndisachedwepo. Inapangidwira mitu ina, ndipo maloya ena akuda a tsitsi lambiri akhala akudandaula nayo. Chondiseketsa n'choti ife kwathu timaikakamirabe dzuwa likuswa mtengo, moti mu 2019, pa mlandu wa chisankho uja, khoti linachita kulola maloya kuivula chifukwa cha kutentha.

Ntchito yanu monga kholo, mmene ndikuonera, ili pa ndalama ndi pa mafunso. Kosi ya ubarrister imadya mapaundi oposa 10,000, ndipo ku London imayandikira 20,000. Ikatha, munthu sanakhalebe loya woima payekha. Amafunika chaka chimodzi cha pupillage, kuphunzira ntchito pansi pa loya wamkulu, ndipo pamenepa ndiye pali khomo lopapatiza: malo amakhala pafupifupi 600 pachaka, ofunsira pafupifupi 3,000. Mu 2017 Bar Standards Board inapeza kuti pa ophunzira okhoza mofanana, mwayi wa mzungu wopeza malowa unali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi wa mnzake wakuda kapena wa mtundu wina wochepa. Choncho musathamangire kukatenga ngongole kapena kugulitsa puloti ya ku Area 49. Ayambe wafunsira thandizo la maphunziro ku amodzi mwa mabungwe anayi aja, Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple ndi Middle Temple. Amapereka ndalama zochuluka chaka chilichonse, munthu amafunsira kumodzi kokha, ndipo amatseka kumayambiriro kwa Novembala, pafupifupi chaka chathunthu kosi isanayambe. Akapambana pamenepo, ndi ndalama komanso ndi chizindikiro chakuti anthu a m'katimo amuona kuti ali ndi mwayi. Akalephera, palibe cholakwika kudikira chaka, kugwira kaye ntchito pa kampani ya maloya, n'kuyesanso.

Afufuzenso magulu ngati Bridging the Bar ndi Black Barristers' Network, amene amalumikiza ophunzira ndi maloya oti n'kuwatsogolera. Mwana wa jaji amamva zinsinsi za ntchitoyi akudya chakudya chamadzulo. Wanu ayenera kuchita kuzifunafuna.

Akadzafika poitanidwa ndi chambers, pali funso limodzi limene ndikufuna adzafunse, ngakhale mawu akunjenjemera. Malamulo a Bar Standards Board amalamula chambers iliyonse kuti izilondoloza mmene ikugawira milandu imene yabwera yopanda dzina la loya. Adzafunse kuti, kodi kalondolondo ameneyu mumachita kangati, amamuona ndani, ndipo munapezapo chiyani? Adzafunsenso kuti maloya akuda amene analowa zaka 5 zapitazo alipobe angati. Zithunzi za pa webusayiti zisamunamize, aliyense amadziwa kuimika munthu wakuda kutsogolo tsiku lojambula. Oyankha momasuka ndi oyamba kukanda kumutu adzawasiyanitsa yekha. Ndipo zikadzamuchitikira zonga za Wilson, adzalembe tsiku, nthawi ndi mawu amene ananenedwa madzulo omwewo. Bar Council ili ndi njira yolembera madandaulo mwachinsinsi yotchedwa Talk to Spot, ndipo dandaulo la khalidwe la jaji limapita ku ofesi ya Judicial Conduct Investigations Office pasanathe miyezi itatu.

Munalemba kuti kunyozeka mwakuona kale mokwanira. Mawu amenewo ndawawerenga kangapo. Ndikupemphani chinthu chimodzi musanakhale naye pansi mwanayo. Tsiku limene muli pa ofu, mutengane mupite ku Crown Court ya mu Leicester momwemo. Milandu yambiri aliyense amaloledwa kukamvera, kulowa n'kwaulere. Mukakhale pa mabenchi a anthu wamba m'mawa wonse, inu muziona mmene anthu akuyankhulirana, komanso muzimuba ndi diso mwana wanuyo loya akaimirira kufunsa mboni. Mukafike isanakwane 10 koloko chifukwa pakhomo pamakhala mzere, kasizasi ka m'chikwama mukasiye kunyumba, ndipo mukatenga botolo la madzi mlonda adzakuuzani kuti mumweko pang'ono iye akuona.