Lamba anali watsopano, nanga wathothoka mano bwanji?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa bambo wina amene ali ndi vani yonyamulira katundu, Peugeot Expert ya injini ya dizilo ya 2.0 HDi. Ndaifupikitsa, koma akuti:

"Chaka chatha ndinasinthitsa lamba wa taimingi, ndipo chisinthireni galimoto yangoyenda makilomita 28,000. Masabata apitawa madzi anayamba kuchepa pang'onopang'ono, ine n'kumangothiramo ena. Kenako kunayamba kumveka kaphokoso kumbali ya malamba. Tsiku lina ndili pa msewu injini inangozima yokha. Nditayesa kuliza, sitata inkazungulira mopepuka koma injini osalira. Amakaniko akuti pampu ya madzi inagwira n'kuthothola mano a lamba, ndiye akufuna kutsegula hedi. Kodi pampu ya madzi ikukhudzana bwanji ndi lamba wa taimingi? Sakufuna kungondidyera ndalama amenewa? Bwanji osangoika lamba wina n'kuyesa?"

Pepani kwambiri bambo. Koma amakaniko anuwo sakunama, ndipo nkhani imene akufotokozerani ndi yodziwika kwa aliyense wogwira injini zamtunduwu. Chimene sindinachione m'kalata yanu ndi ichi: tsiku limene ankasintha lambalo, pampu anasinthanso? Simunaitchule, ndiye ndikuganiza kuti inatsala yakale yomweyo. Ngati zili choncho, lamba wanu sanafe yekha. Anachita kuphedwa.

Lamba wa taimingi ntchito yake yaikulu ndi kulumikiza kirankishafiti, imene imayendetsedwa ndi mapisitoni, ndi kamushafiti, imene imatsegula ndi kutseka mavavu. Kiranki ikazungulira kawiri, kamu imazungulira kamodzi, ndipo mano a lamba ndi amene amasunga kuwerengera kumeneku kuti kusasokonekere. Tsono opanga injini ataona kuti lamba akudutsa kale pamenepo, anamusenzetsa katundu wina. Pa 2.0 HDi yanuyo, komanso pa 1.9 TDI zambiri za Volkswagen, 1.5 dCi ya Renault ndi 2.3 Multijet ya Fiat Ducato, lamba yemweyo amazunguzanso pampu ya madzi. Pampuyo ili m'kati mwa kava ya taimingi, kobisika, ndipo pule yake ndi imodzi mwa nsanamira zimene lamba amatsamira. Nsanamirayo ikagwedera, lamba amagwederanso. Ikaima, lamba alibe kothawira.

Mukaigwira m'manja pampuyo muona kuti ndi kanthu kosavuta: shafiti yaifupi, pule kunja, timapiko tokankha madzi m'kati, ndipo pakati pali beringi ndi sili yotchinga madzi kuti asafike pa beringiyo. Imfa yake kawirikawiri imayambira pa sili. Ikatopa imayamba kulola madzi, amene amatulukira pa kabowo kakang'ono kamene anakaboola dala kunsi kwa pampu. Amatuluka ochepa, ndipo injini ikatentha amauma asanafike pansi, n'chifukwa chake munthu umayang'ana pansi pa galimoto m'mawa osapeza dontho ngakhale limodzi pamene m'botolo madzi akutsika. Chimene chimatsala ndi mzere wa zoyangayanga zouma, zoyera kapena za mtundu wa kulanti, madzi a mankhwala oziziritsira injini, amene munathira, wotsetsereka kuchoka pa kabowoko. Madziwo akayamba kulowa mu beringi amatsuka girizi, timipira ta m'kati timachita dzimbiri, ndipo kaphokoso kamene munamva kaja ndi kameneko. Ndinagwirapo pampu yotere itangochotsedwa. Kugwedeza pule ndi zala ziwiri inkachita gwedegwede, kuizunguza inkalira ngati mwathiramo mchenga, ndipo pansi pa kava panali timano ta lamba takuda titangoti mbwee. Lamba mwiniwake sanaduke n'komwe, anangometeka mano pamalo aatali ngati chikhatho.

Lamba watsopano pa pampu yakale amafulumizitsanso zinthu. Beringi yazolowera lamba wotopa kwa zaka, ndiye mwadzidzidzi mwaimanga ndi lamba wokungika bwino. Ngati inali itayamba kale kutha, mphamvu imeneyo imaimaliza. Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu: pampu ndi yotchipa poiyerekeza ndi hedi, mutu wa injini momwe mumakhala mavavu, koma ikadwala amene amabuula ndi mavavu.

Apa ndikudzudzuleniko pang'ono, musakhumudwe. Injini siimwa madzi. Njira yake ya madzi ndi yotsekeka, moti mukathira kawiri m'mwezi umodzi ndiye kuti penapake pakuchucha. Ndiponso ngati munkathira madzi wamba, nthawi iliyonse munkasungunula kulanti, amene kuwonjezera pa kuziziritsa ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Tizidutswa ta dzimbiri tikamayenda m'madzi timakanda sili yomwe ija. Galimoto inakuchenjezani kawiri, poyamba ndi madzi, kenako ndi phokoso.

Tsopano za hedi. Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Imapanikiza mpweya mpaka utenthe kwambiri moti dizilo akangopoperedwa amayaka yekha, ndipo kuti zitheke mpweyawo umafinyidwa mwina ka 16 mpaka ka 22, malinga ndi injini. Zotsatira zake n'zakuti pisitoni ikafika pamwamba, mpata wotsala pakati pa iyo ndi hedi ndi pafupifupi milimita imodzi yokha. Vavu ikatseguka imalowa m'malo omwewo amene pisitoni ifikemo posachedwa, ndipo chimene chimazilekanitsa ndi nthawi basi. Mano a lamba akathothoka, kamu imaima pomwe ili, mavavu ena ali chitsegukire, koma mapisitoni saima chifukwa galimoto ikuyendabe ili m'giya. Injini ikamathamanga maulendo 2,400 pa mphindi, pisitoni iliyonse imafika pamwamba ka 40 pa sekondi imodzi. Musanaponde n'komwe kilachi, zagundana kale. Ndipo ulendo uliwonse umene munapotoza kiyi pambali pa msewu paja, sitata inkabwereza nkhonya zomwezo.

Komabe funso lanu lomaliza silopusa, ndipo ndikufuna mulitenge bwino popita ku galaja. Kupepuka kwa sitata kukungosonyeza kuti munalibe kompuresheni, kupanikizika kwa mpweya kuja, ndipo injini imene kamu yake yaima siingakhale nayo, mavavu akhale opindika kapena ayi. Kumva ndi khutu kokha sikungagamule mlanduwu. Pa injini zambiri za dizilo mavavu amaima chilili pamwamba pa pisitoni, choncho nkhonya imakwera molunjika kupita kumwamba, ndipo nthawi zina chimene chimathyoka ndi maroka, timikono timene kamu imakankhira mavavu. Injini za HDi zimadziwika ndi zimenezi. Nthawi zina kamu yeniyeniyo imasweka, kapena zogwirira zake. Ndiye makaniko wodekha sayamba ndi kuzula hedi. Amayamba wachotsa kava ya pamwamba n'kuona maroka ndi kamu. Ngati zothyoka zili pamwamba pokha, amazisintha, amakhoma kiranki ndi kamu pa malo ake ndi mapini ake enieni, amaika lamba, kenako amazunguza injini ndi dzanja, sipanala ili pa bawuti ya kiranki, maulendo awiri athunthu. Ikakakamira penapake amaima, sakakamiza. Ikadutsa bwino amayeza kompuresheni ya silinda iliyonse, kapena amapopera mpweya mu silinda n'kumvetsera komwe ukuthawira. Mpweya ukamatulukira ku ekizozi kapena kolowera mpweya, vavu siikutseka, ndipo apo hedi iyenera kutsika basi. Chimene sindingavomereze ndi "kuyesa" kwa kiyi, kuika lamba n'kuliza kuti tione. Vavu yopindika pang'ono imatha kulola injini kulira, n'kudzaduka mutu patapita masabata, ndipo mutu wa vavu ukagwera mu silinda mumagula injini ina.

Kunena chilungamo, pa galimoto imene inazima ikuthamanga n'kulizidwanso kangapo, ine ndingayembekezere kuti hedi itsika ndithu. Koma muli ndi ufulu woonetsedwa umboni asanamasule bawuti yoyamba. Ikatsika, aione ngati sinapindike kapena kung'aluka, poti inayenda masabata madzi akuperewera. Mabawuti a hedi agule atsopano, chifukwa amatamuka pomangidwa ndipo sabwerera. Gasiketi nayonso sangotola iliyonse: pa injini zimenezi ilipo ya makulidwe angapo, ndipo amasankha atayeza mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko.

Pogula zida musagulenso lamba yekha. Gates, Dayco, Continental, SKF ndi INA onse amagulitsa bokosi limodzi lokhala ndi lamba, tenshona yokunga lambayo, pule yothandizira ndi pampu, ndipo sachita zimenezi pofuna kukometsa malonda chabe. Zinthu zinayizi zimazungulira limodzi ndipo zimakalamba limodzi, komanso ntchito yofikira pampu ndi yomweyo yofikira lamba, ndiye kusiya pampu n'kulipira ntchito imodzi kawiri ngakhale zitakuyenderani bwino. Aonenso masili a oyilo a kiranki ndi kamu, poti oyilo amafewetsa lamba. Lamba wakunja uja woyendetsa alitineta asinthidwenso ngati wang'aluka, chifukwa akanyenyeka ulusi wake umatha kukulungika kuseri kwa pule ya kiranki n'kulumphitsa taimingi.

Kwa ena amene mukuwerenga, musathamangire kumasula galimoto musanadziwe injini yanu. Toyota Hiace ya 2KD ili ndi lamba wa taimingi wamfupi, koma pampu yake imayendetsedwa ndi lamba wakunja, ndipo nyali ya T-BELT imene imayaka pa dashibodi imangowerenga makilomita, siiona mmene lamba alili. Mercedes Sprinter imayendera tcheni. Ford Transit za 2.2 ndi 2.4 TDCi ndi za tcheninso, pamene 2.0 EcoBlue imene inabwera mu 2016 ili ndi lamba woyenda m'kati mwa oyilo, amene ali ndi mavuto akeake. Nthawi yosinthira onani m'buku la galimoto yanu. Muli makilomita ndi zaka, ndipo chimene chayamba kukwana ndicho mumatsatira.

Inu bambo, fufuzani lisiti la ntchito ya chaka chatha. Ngati pampu inalembedwapo, pitani nayo pampu yakufayo kwa amene anagwira ntchitoyo akaione, chifukwa pampu yatsopano siyenera kufa pa makilomita 28,000, ndipo pampu imene yakhala m'injini zaka zambiri imaoneka ndi maso. Ngati sinalembedwe, kumbukirani bwino ngati anakuuzani inu n'kukana, kapena sanakuuzeni n'komwe. Auzeni amakaniko apanowa asataye chilichonse chimene achotse. Galimoto ikatuluka, sabata yoyamba muziona madzi m'mawa uliwonse injini isanalire. Akatsika pang'ono tsiku loyamba kapena lachiwiri ndi mpweya wotsalira umene ukutuluka, koma akapitiriza kutsika ibwezeni tsiku lomwelo. Mundilemberenso zimene apeze akachotsa kava ya pamwamba, ndikufuna kudziwa ngati ndi maroka okha.