Musanaode malata, funsani kaye kuti dengalo likakhala pati

Achimwene, uthenga wanu ndauona. Mukuti mukufuna kuyamba kutenga malata kunja n'kumagulitsa kwa omanga mashopu, mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, ndiye mukufunsa kuti geniyi imayenda bwanji, komanso ngati kuoda mtundu umodzi wa geji yokhuthala kungakwanire makasitomala onse.

Za pa boda sizichedwa kuzolowereka. Mumatenga oda, mumalipira ku fakitale, amakudulirani malata pa muyeso womwe mwanena, mumapeza lole, ejenti amakukonzerani mapepala, mumalipira msonkho n'kudutsa. Ulendo wachitatu mudzakhala mukuphunzitsa ena. Chomwe chimagwetsa anthu pa bizinesi imeneyi ndi dzimbiri, chifukwa limabwera ndalama mutadya kale, ndipo kasitomala sapita ku fakitale kukadandaula, amabwera kwa inu.

Ine munthu akandiimbira kuti akufuna malata, sindiyamba ndi kufunsa kuchuluka kwake. Ndimayamba ndi kuti, "Nyumbayo ili pati, ndipo m'katimo muzichitika chiyani?" Ena amadabwa, ati ine ndangofuna malata basi. Koma lata lomwelo lomwe lingakhale zaka makumi kumtunda kouma, ukalikhoma m'mphepete mwa nyanja yamchere limayamba kufiira mwana wobadwa tsiku lokhomalo asanayambe sukulu.

Geji imangokuuzani kukhuthala kwa chitsulo, kuti lata lisapindike ndi mphepo kapena munthu akaponda. Chomwe chimatchinga dzimbiri ndi chokutira chapamwamba. Malata a galvanised amakutidwa ndi zinki, ndipo pa pepala la ku fakitale mudzaona Z275, Z200, Z100 ndi zina. Z275 ikutanthauza magalamu 275 a zinki pa sikweya mita, kuphatikiza mbali zonse ziwiri, ndiye mbali imodzi imakhala ndi zinki yokhuthala pafupifupi mamaikuloni 20. Maikuloni imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita, choncho ndi kakhungu kopyapyala kwambiri. Zinkiyo imadyeka pang'onopang'ono m'malo mwa chitsulo, ikatha m'pamene dzimbiri lofiira limayamba.

Tsono liwiro la kudyekako limatengera malo. Muyezo wa ISO 9223 unagawa malo m'magulu kuyambira C1 mpaka C5, n'kuwonjezera CX wa malo oipitsitsa. Ku C2, komwe ndi kouma kopanda utsi wambiri, zinki imadyeka pakati pa maikuloni 0.1 ndi 0.7 pa chaka. Ku C5, monga kufupi ndi mafunde a nyanja yamchere kapena pakati pa mafakitale autsi m'dera lachinyezi, imadyeka mamaikuloni 4.2 mpaka 8.4. Werengetsani nokha ndi 20 uja, muona kuti kwina lata likhoza kudutsa zaka 25, kwina zaka zisanu zingakhale zamwayi.

Mchere suthera pagombe. Mphepo imautenga n'kukautaya kutali ndithu, makamaka mbali imene imawombera nthawi zambiri. Ndipo chodabwitsa n'chakuti pamwamba pa denga, pomwe mvula imatsuka, sipamene pamayamba kuwonongeka. Kaoneni kunsi kwa khonde kapena pansi pa malata otulukira kunja kwa khoma, komwe mvula sifika: mchere ndi fumbi zimangosanjikana, mame akagwa usiku n'kumanyowetsa, lata n'kuyamba kudyekera kunsi mwini wake osadziwa. Kwa oterewa ndimawauza kuti azitsukako ndi madzi abwino kangapo pa chaka, ngakhale ambiri amangovomera ndi pakamwa.

Malo a mchere ndimapititsako malata a aluzinc, olembedwa AZ150 kapena AZ200, makamaka opakidwa penti ku fakitale komweko. Chokutira chake ndi 55 peresenti aluminiyamu, pafupifupi 43 peresenti zinki, ndi kasilikoni pang'ono. Panja chimapirira kuposa zinki yokha. Koma musatengeke n'kuyamba kugulitsa aluzinc kwa aliyense. Sagwirizana ndi khola lotsekeka la nkhuku kapena nkhumba, chifukwa mpweya wa amoniya wochokera ku zitosi ndi mkodzo umamudya kuchokera m'kati. Simenti yaiwisi ikamudonthera imamuwononganso. Nyumba yosungiramo feteleza ndiye ndi nkhani ina, fumbi lake limakoka chinyezi ndipo limadya pafupifupi lata lililonse. Pamenepo funsani ku fakitale akulembereni okha zomwe akuvomereza, musalonjeze ndi pakamwa panu. N'chifukwa chake ndimati "malo" si mapu okha. Nyumba ikhoza kukhala kutali ndi nyanja koma m'kati mwake muli nthunzi, utsi kapena mankhwala, kapena chumuni cha fakitale yoyandikana nayo chikulavulira padenga pake.

Ndikuuzeni zomwe zinandigwera ndili woyamba kumene. Lole inakhala pa boda masiku angapo mapepala atavuta, mvula ikugwa, lona lili long'ambika pakona. Titafika n'kumasula mtolo, pakati pa malata panali zoyera mbuu, zomatirira, ukapukuta ndi chala n'kutsala banga lotuwa. Limenelo ndi dzimbiri loyera. Madzi akalowa pakati pa malata osanjikizana pomwe mpweya sufika, zinki imayamba kudyeka m'masiku ochepa chabe. Kasitomala anakana theka la katundu, ndipo sindinamuimbe mlandu. Kuyambira pamenepo lona ndimaliona ndekha lole isananyamuke, ndipo katundu akafika wonyowa timapatula lata lililonse tsiku lomwelo kuti liume. Posunga timaika pa matabwa, mbali imodzi yokwererako kuti madzi azitsetsereka.

Pogula, limbikirani kuti akupatseni satifiketi ya koyilo (mpukutu wa chitsulo) yomwe adulako malata anuwo, ndipo muyerekeze ndi zolembedwa kunsi kwa lata. Funsaninso ngati kukhuthala akunenako, monga mamilimita 0.5, ndi kwa chitsulo chokha kapena awerengera chokutira ndi penti, chifukwa ena amabisala pamenepo. Wogulitsa akamazemba mafunso amenewa, pitani kwina.

Kenako pali amisiri okhoma. Akadula lata ndi gulayinda ali padenga, tizitsulo totentha timagwera pa penti, ndipo akapanda kusesa, pakatha masabata ochepa denga limachita madontho ofiira ngati lakale. Masikuluwu otchipa amachita dzimbiri lata lisanayambe, n'kumatsitsa mizere yofiira. Madzi ochokera pa paipi ya kopa asadonthere pa malata amtundu uliwonse mwa awiriwa, ndipo matabwa onyikidwa m'mankhwala okhala ndi kopa asakhudzane nawo mwachindunji. Masikuluwu ndimaoda ndekha pamodzi ndi malata, ogwirizana ndi gulu la malowo, kuti mmisiri asakagule zake.

Oda yoyamba ija mukuti mwapeza, ya nyumba yosungiramo katundu, nditumizireni zinthu zitatu tisanaimbe ku fakitale: mtunda wake kuchoka kunyanja yamchere kapena ku mafakitale, katundu amene azisungidwamo, ndi kutsetsereka kwa denga lake, popeza denga lafulati limasunga madzi ndi zinyalala nthawi yaitali.