Mafunso Anu: Mafakitale Adzafika Liti ku Luchenza?

Funso: Ndinamaliza Fomu 4 koma ntchito imene ilipo ndi yothyola tiyi basi, nayonso ya nyengo. Timamva kuti Luchenza adzakhala mzinda. Kodi ndi zoona, kapena ndi zokamba za pa msonkhano? (Wowerenga wa ku Luchenza)

Yankho: Achimwene, ndi zoona kuti nkhaniyi inalembedwa. Pansi pa masomphenya a Malawi 2063, boma linasankha malo asanu ndi atatu oti akule kukhala mizinda yothandizira Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Luchenza ali pa mndandandawu limodzi ndi Bangula, Liwonde, Kasungu, Karonga ndi ena. Sanamusankhe mwamwayi: ali pakati pa Thyolo ndi Mulanje, njanji yochokera ku Limbe imadutsa pomwepo, ndipo chipata cha Muloza chopita ku Mozambique sichili kutali.

Koma pulani si fakitale. Malo a mafakitale amene boma lakhala likuwatchula kwambiri, monga Magwero, Chigumula ndi Dunduzu, ali m'mizinda ikuluikulu yomwe ija. Mwini ndalama akafika ku bungwe la MITC, lomwe linakhazikitsidwa mu 2012 kuti lizikopa amalonda, amafuna kudziwa za malo okhala ndi mapepala, magetsi okoka makina, msewu, ndi zipangizo zoti azigaya chaka chonse. Kwathu kuno chimavuta kwambiri ndi malo. Gawo lalikulu ndi la maesiteti, ndipo otsalawo ndi timinda ta mabanja tomwe tambiri sitinalembetsedwe. Ndiye pitani kukhonsolo ya Luchenza mukafunse kuti malo a mafakitale anawapatula pati, ndipo thiransifoma ndi madzi zinafikako kapena ayi. Yankho lake ndi limene likuuzeni ngati ntchito zili pafupi.

Funso: Ndife alimi a zinanazi 25. Zikapsa zonse pamodzi timaziunjika m'mbali mwa msewu wa ku Muloza, mavenda n'kumatiuza okha mtengo, zotsala n'kuwola. Tingapeze bwanji thandizo loti tizifinya juwisi? (Gulu la alimi, Mulanje)

Yankho: Amayi ndi abambo, inu muli pafupi ndi ntchito kuposa woyembekezera mwini fakitale wochokera kunja. Yambani ndi kulembetsa kopaletivi ku unduna wa zamalonda, mukhale ndi malamulo a gulu ndi akaunti ya ku banki. Alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, angakutsogolereni.

Pulojekiti ya boma ya AGCOM, yothandiza magulu a alimi kuchita ulimi wa bizinesi, yakhala ikupereka 70 peresenti ya mtengo wa makina kapena nyumba yogwiriramo ntchito, gulu n'kusonkha 30 peresenti yotsalayo, ina ndalama, ina zinthu monga njerwa ndi mchenga. Imafunanso mgwirizano wolemba ndi wogula katundu wanu. Magulu ambiri amagwera pamenepa, chifukwa amayamba ndi kusankha makina asanapeze msika.

Tikhalepo pang'ono pa makinawo, poti ndi pamene ndalama zimatayika. Tinene kuti mwagula ofinya makilogalamu 500 pa ola. Pa maola 8 amafuna matani 4, tsiku lililonse. Kodi minda yanu ingawadyetse masiku angati? Werengani zokolola za membala aliyense kwa nyengo yathunthu, pa sikelo, osati pamutu. Zinanazi zikatha makina amangochita dzimbiri pomwe mlonda ndi bilu ya magetsi zikufunabe ndalama. Sankhani makina oti mungafinyirenso mango ndi magwafa, kapena onjezerani choumitsira zipatso. Musadalirenso mbewu imodzi: anzathu a ku Thyolo anaona mmene matenda a chisaka anathera nthochi.

Funsani a ESCOM msanga ngati pamalopo pali magetsi a mafezi atatu, omwe ndi amphamvu oyendetsa makina akuluakulu, chifukwa kukoka nthambo ndi kuika thiransifoma kungadule kuposa makinawo. Ndipo masitolo akuluakulu salandira juwisi wopanda chizindikiro cha MBS, bungwe la boma loona za ubwino wa katundu. Oyendera amayang'ana pansi posalala posavuta kukolopa, madzi aukhondo, chimbudzi chokhala patali ndi pofinyira, ndi lebulo yolemba tsiku lotha ntchito. Juwisi wosatenthetsedwa bwino amasasa, mabotolo n'kufufuma m'masiku ochepa. Choncho aitaneni a MBS aone pulani ya nyumbayo musanakumbe maziko, kuopa kudzagumula khoma mutamanga kale.